Kope la 6 Julaye

Bambo anga anatisiya m'mamawa wa Lolemba, pa 6 Julaye 2009, chiperoni chitakuta mapiri. M'chipinda cha odwala munali kawailesi ka mayi wina wodwazika mwamuna wake, ndipo kankaimba nyimbo za ufulu pamene ife tinkapinda bulangete ndi kulongedza mbale m'dengu. Dziko linali kukondwerera zaka 45 chilandirireni ufulu wodzilamulira. Panjira tinkakumana ndi malole odzaza anthu opita ku mpira, akuimba ndi kukupiza mbendera. Ndinalida tsikulo. Mumtima ndinkaona ngati dziko lonse likuvina pamaliro athu.

Titamwazikana pamaliro, ndinamva kuti tsiku lomwelo ku Washington kunamwalira Robert McNamara, wa zaka 93, amene anali nduna ya zachitetezo ya America pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, pambuyo pake n'kukhala mkulu wa World Bank. Iyeyo analembedwa m'manyuzipepala a dziko lonse lapansi. Bambo anga, telala wa pakhonde la sitolo, anatchulidwa kamodzi kokha pa uthenga wa maliro wa pawailesi. Pogawana katundu, ine ndinapempha kope lawo la chikuto cholimba, limene ankalembamo miyeso ya makasitomala ndi ngongole zawo. Linali ndi masamba ambiri osalembedwa. Pa tsamba loyamba loyera ndinalemba maina awiriwo mzere umodzi, la bambo kutsogolo. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse Julaye akamayandikira ndimafufuza zimene zinachitikapo pa deti limeneli, kwathu kuno ndi kutali, n'kuzilemba m'kopemo. Izi ndi zimene ndatolamo.

1. Tsiku limene timaliyesa lathu lili ndi eni ake ambiri.

Ndinakula ndikudziwa kuti 6 Julaye ndi wa Malawi, monga momwe nyanja ndi chambo zilili zathu. Nditayamba kope ndinapeza kuti tsidya la Mozambique, pa zilumba za Comoros, anzathu amakondwereranso ufulu tsiku lomweli. Iwo analengeza okha kuti achoka m'manja mwa France pa 6 Julaye 1975, koma mtsogoleri wawo woyamba, Ahmed Abdallah, anagwetsedwa mwezi usanathe, ndipo chilumba cha Mayotte chinatsalabe m'manja mwa France mpaka lero. Ku Czech Republic nalo ndi tsiku latchuthi, pokumbukira munthu amene anatenthedwa wamoyo. Ku Nigeria ndi tsiku limene mu 1967 asilikali a boma la Yakubu Gowon analowa m'dera limene Odumegwu Ojukwu anali atalitcha dziko la Biafra. Nkhondoyo inatha mu Januwale 1970, itapha anthu osawerengeka, ambiri a iwo ana ofa ndi njala. Tsiku limene iyo inkayamba, kuno ana asukulu ankaguba m'mabwalo pokondwerera zaka 3 za ufulu.

Nditadziwa zimenezi mkwiyo wanga unayamba kuphwa. Anthu a m'malole aja sankatinyoza ayi. Inenso ndinali nditavinapo pa 6 Julaye zaka zambiri, osadziwa kuti kwinakwake wina akupinda bulangete la bambo ake.

2. Si deti lililonse limangochitika. Ena amachita kulisankha, ndipo wosankhayo amakhala ndi chimene akufuna.

Apa ndi pamene kope langa lili ndi inki yambiri. Pa 6 Julaye 1958 Dr Hastings Kamuzu Banda anatera pa bwalo la ndege la Chileka atakhala kunja zaka zoposa 40, ataitanidwa ndi achinyamata a Nyasaland African Congress monga Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume kuti adzatsogolere nkhondo yothetsa chitaganya. Anamangidwa pa 3 Malichi 1959, natulutsidwa ku ndende ya Gwelo mu Epulo 1960. Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963. Ufulu ukanatha kuikidwa pa tsiku lina lililonse, koma unaikidwa pa 6 Julaye 1964, tsiku lokumbukira kubwera kwake, Prince Philip atabwera kudzaimira Mfumukazi. Pa 6 Julaye 1966 dziko linakhala lipabuliki ya chipani chimodzi. Pa 6 Julaye 1971 analumbira kukhala Pulezidenti wamuyaya. Kanayi konse deti limodzi.

Ndikayang'ana mizere inayi imeneyi ndimaona mmene tsiku la mtundu wonse analisokera pamodzi ndi moyo wa munthu mmodzi, mpaka msoko osaonekanso. Mwana wa sukulu wa nthawi yanga sankatha kusiyanitsa ngati akukondwerera ufulu wa dziko kapena kubwera kwa Ngwazi. Chimene kalendala sanena n'chakuti patangotha miyezi iwiri chilandirireni ufulu, mu Sepitembala 1964, Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo anachotsedwa m'boma, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Chipembere anatula pansi maudindo. Zina mwa zimene anakanganapo zinali tiki imene odwala ankayenera kulipira m'zipatala za boma, ndiponso ubale ndi Apwitikizi amene ankalamulirabe Mozambique. Yatuta Chisiza anaphedwa mu 1967. Chipembere anafera ku America mu 1975. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Anthu amenewa analiphikira nawo phwando la pa 6 Julaye, koma kwa zaka 30 maina awo ankatchulidwa monong'ona.

Sindikunena kuti tileke kukondwerera. Ufulu unali weniweni, ndipo anthu anaufera, monga aja anawomberedwa pa doko la Nkhata Bay mu 1959. Bambo anga ankaukonda kwambiri mwezi wa Juni chifukwa cha tsikuli: amayi ankabweretsa nsalu zachipani kuti awasokere, aphunzitsi ankabweretsa mayunifolomu, makina ankalira mpaka usiku ndi nyali ya koloboyi, ndipo fizi yathu inkachokera pamenepo. Koma tsiku lina ali kusoka anandiuza motsitsa mawu kuti, "Mwanawe, nsalu iyi amayiwa ena aigula ndi chimwemwe, ena aigula ndi mantha. Singano siidziwa zimenezo, koma ine ndimadziwa." Nthawiyo sindinamvetse. Ndinadzamvetsa nditaika madeti anayi aja mondondoza.

3. Tsiku lobadwa nalo limasokedwa.

Tsiku limene Kamuzu ankalumbira kukhala wamuyaya, ku New York kunamwalira Louis Armstrong, katswiri woimba lipenga wa ku New Orleans. Moyo wake wonse iye ankanena kuti anabadwa pa 4 Julaye 1900, tsiku la ufulu wa America. Atamwalira, ofufuza anapeza m'kaundula wa ubatizo kuti anabadwa pa 4 Ogasiti 1901. Kamuzu naye tsiku lake lovomerezeka linali 14 Meyi 1906, limene timapumabe mpaka pano, koma ofufuza mbiri ambiri amaika kubadwa kwake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Frida Kahlo, mayi wojambula zithunzi wa ku Mexico, anabadwadi pa 6 Julaye 1907, koma ankauza anthu kuti anabadwa mu 1910, chaka chimene kwawo kunayamba nkhondo yosintha boma, pofuna kuti iye ndi Mexico watsopano akhale akafumbata amodzi.

Poyamba ndinkati limeneli ndi bodza basi. Amene anandisintha maganizo ndi azakhali anga. Mu 2017, pa kalembera wa ziphaso za unzika, ndinawaperekeza. Mnyamata wolemba anafunsa mwaulemu, "Agogo, munabadwa liti?" Iwo anati njala ya 49 inawapeza atayamba kale kusenza kamtsuko kuchitsime. Chaka tinagwirizana mowerengera. Atafunsa za mwezi ndi tsiku, ine ndinati, "Azakhali, tingolemba 1 Januwale monga achitira ena." Anapukusa mutu. "Ayi mwanawe. Lemba tsiku limene alongo anga anagona. Limenelo ndiye sindingaliiwale." Lero chiphaso chawo chimati anabadwa pa 6 Julaye. Munthu amene makolo ake sanamusungire deti amasankha limene lili pafupi ndi mtima wake. Armstrong, mwana wosauka wa m'dziko limene linkamusala chifukwa cha khungu, anadziphatika ku tsiku la ufulu wa dzikolo. Sindingamutchenso wabodza.

4. Kubadwa tsiku limodzi sikufananitsa anthu.

George W. Bush ndi Sylvester Stallone onse anabadwa pa 6 Julaye 1946. Wina anakhala pulezidenti natumiza asilikali ku Iraq, wina anakhala wa mafilimu ankhonya. Dalai Lama wa 14 anabadwa deti lomweli mu 1935 m'banja la alimi m'mudzi wa Taktser, nathawira ku India mu 1959. Chiyambireni kope ili ndinasiya kuwerenga danga la nyenyezi m'manyuzipepala, ndipo ana anga ndimawaletsa kudziyeza nalo.

5. Wofera chikhulupiriro chake akhoza kukhala kuti nayenso anazunzapo ena chifukwa cha chawo.

Phunziro ili linandivuta kulimeza, ndipo ndilo ndimabwererako kawirikawiri. Jan Hus anali wansembe ndi mphunzitsi wa ku Prague. Ankalalikira m'chilankhulo cha anthu wamba m'kachisi wotchedwa Bethlehem, nadzudzula atsogoleri a mpingo okonda chuma ndiponso malonda a zikalata zokhululukira machimo. Anaitanidwa ku msonkhano waukulu wa mpingo ku Konstanz, Mfumu Sigismund itamulonjeza chitetezo pa ulendowo. Atafika anamutsekera. Anamuuza kuti akane zimene ankaphunzitsa. Iye anati ayambe amuonetsa kuchokera m'Malemba pamene walakwa. Pa 6 Julaye 1415 anamutentha, phulusa lake n'kulitaya mumtsinje wa Rhine kuti otsatira ake asapeze chotola.

Patatha zaka 120 ndendende, pa 6 Julaye 1535, ku London anadula mutu Thomas More, amene anali atakhalapo nduna yaikulu ya Mfumu Henry VIII. Mlandu wake unali wokana kuvomereza kuti mfumuyo ndiyo mutu wa mpingo ku England m'malo mwa Papa. Anakhala m'ndende ya Tower of London chaka ndi miyezi, banja lake likumuchonderera kuti angolumbira apulumuke. Anakana.

Wina anaphedwa ndi mpingo wa Roma, wina anafera mpingo womwewo. Akanakumana sakanadyera mbale imodzi. More ali pa udindo ankasaka anthu a maganizo onga a Hus, ena a iwo anatenthedwa m'nthawi yake, ndipo analemba mabuku aukali otsutsa William Tyndale, womasulira Baibulo m'Chingelezi. Ine ndinaleredwa mu mpingo umene umamutamanda Hus. Mkazi wanga analeredwa mu umene umamutcha More woyera mtima. Tinakanganapo za awiriwa usiku wina mpaka nsima kuzizira. Chimene tinagwirizana n'chakuti onse awiri anapatsidwa khomo lotulukira, loti angonena mawu ochepa amene mtima wawo sunkawavomereza, ndipo onse anakana kudzera pamenepo. Koma kulimba mtima kwa More sikufafaniza moto umene anayatsira anzake, ndipo sindilola kuti wina andiuze za kulimba mtimako n'kusiya za motowo. Papa John Paul II mu 1999 ananena poyera chisoni chake pa imfa yankhanza ya Hus, ndipo chaka chotsatira anaika More kukhala nkhoswe ya andale. Panapita zaka zoposa 580 kuti mawu achisoni aja atuluke.

Ndionjezepo kanthu kena kamene ndinakapeza mochedwa. Madeti awiriwa ndi a kalendala yakale. Mu 1582 Papa Gregory XIII anakonza kalendala, anthu nagona pa 4 Okutobala n'kudzuka pa 15 Okutobala. England anatsatira mu 1752. Tikawerenga ndi kalendala ya pakhoma pathu lero, Hus anafa pa 15 Julaye ndipo More pa 16 Julaye. Ndinaganizapo zowafuta m'kope. Ndinawasiya, chifukwa amene anawalira anati linali 6 Julaye, ndipo ine ndimatsata olira.

6. Chachikulu cha tsiku kawirikawiri sichidziwika tsiku lomwelo.

Loweruka pa 6 Julaye 1957, Althea Gibson anagonjetsa Darlene Hard ku Wimbledon, nakhala munthu wakuda woyamba kupambana mpikisano wa tenesi umenewu. Mfumukazi Elizabeth II inamupatsa mphoto ndi manja ake, ndipo atabwerera ku New York anamulandira ndi chionetsero mumsewu. Imeneyo inali nkhani, ndipo inayenera kutero. Masana omwewo, pa kaphwando ka tchalitchi cha St Peter's ku Woolton mumzinda wa Liverpool, mnyamata wa zaka 16 wotchedwa John Lennon ankaimba ndi kagulu kake, ndipo mnzake wina anamudziwitsa kwa mnyamata wa zaka 15, Paul McCartney. Panalibe mtolankhani amene anaona kuti pachitika kanthu. Gulu la The Beatles linaphuka pamenepo.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wa pa 6 Julaye 1942, ku Amsterdam, mtsikana wa zaka 13 anatuluka m'nyumba ndi makolo ake kukugwa mvula, atavala zovala zambirimbiri mosanjikiza poopa kuti Myuda wonyamula sutikesi angakayikiridwe. Dzulo lake mkulu wake Margot anali atalandira kalata yomuitana ku ntchito yakalavulagaga ku Germany. Anakabisala m'zipinda za kuseri kwa ofesi ya bambo awo pa msewu wa Prinsengracht, nambala 263. Anakhalamo anthu 8 kwa zaka ziwiri ndi mwezi, kufikira anagwidwa pa 4 Ogasiti 1944. Anne Frank ndi Margot anafera ku msasa wa Bergen-Belsen kuchiyambi kwa 1945. Mwa onsewo anapulumuka ndi bambo okha, Otto Frank. Tsiku limene banjali linkayenda mumvula, manyuzipepala anali odzaza ndi nkhani za akuluakulu a nkhondo. Ambiri a iwo lero akumbukiridwa ndi akatswiri okha, pamene kope la mtsikanayo likuwerengedwa m'zilankhulo zambirimbiri.

Pankhaniyi ine mtima wanga umakhala pa Miep Gies, mayi wogwira ntchito mu ofesiyo, amene ankawapezera chakudya mobisa. Obisalawo atagwidwa, iye analowa m'zipindamo, natola mapepala a Anne amene anali mbwee pansi, nawasunga mudilowa osawawerenga, kudikira mwini wake. Mwini wakeyo sanabwere, ndipo anawapereka kwa bambo ake. Popanda mayi ameneyu deti limeneli silikanakhala m'kope langa. Mzere uliwonse umene ndimalemba ulipo chifukwa wina anawerama n'kutola.

7. Pali alendo amene anatichitira zabwino tisanabadwe, ndipo tiyenera kuwadziwa maina.

Mu Julaye 1885, m'dera la Alsace, galu wachiwewe analuma mwana wa zaka 9, Joseph Meister, malo ambiri m'manja ndi m'miyendo. Mayi ake anakwera naye sitima mpaka ku Paris kukafuna Louis Pasteur, amene anamva kuti akuyesa mankhwala a chiwewe pa agalu. Pasteur sanali dokotala wa anthu, ndipo mwana akanafa mlandu ukanamugwera. Katemera wake ankamupanga poumitsa mtsempha wa mkati mwa fupa la msana wa akalulu odwala chiwewe, kuti kachilombo kafooke. Madzulo a pa 6 Julaye, dokotala wotchedwa Jacques-Joseph Grancher anabaya mwanayo jakisoni woyamba mwa 13, aliyense wamphamvu kuposa wam'mbuyo mwake. Mwanayo sanadwale. Atakula anadzagwira ntchito yolondera pa Institut Pasteur.

Mwana wanga wachiwiri analumidwa ndi galu wosadziwika mwini ali ndi zaka 7, pobwera kusukulu. Tinatsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri, n'kuthamangira kuchipatala. Ndili pa benchi kudikira jakisoni, ndinakumbukira mayi wa ku Alsace uja ali m'sitima ndi mwana womangidwa mabandeji, osadziwa ngati kumene akupitako kuli chithandizo. Ine ndinkadziwa kuti chilipo, chifukwa iye anayamba wapita. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro sichichizika, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati chimaphabe anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo gawo lalikulu ndi ana. Mukamva kuti abwera obaya agalu katemera, musadikire kuti mfumu ichite kukuuzani kawiri. Mangani galu chingwe mupite naye.

8. Ngozi zazikulu zimalowera pa kabowo kamene wina anakaona n'kukasiya.

Kwathu timati tsoka silinunkha. Kope langa landiphunzitsa kuti nthawi zambiri limanunkha ndithu, koma amene ali ndi mphuno pamalopo amakhala atatopa, akuthamangira kuweruka, kapena akuopa bwana.

Pa 6 Julaye 1988, pa nsanja yokumbirapo mafuta ya Piper Alpha, m'nyanja ya North Sea kufupi ndi Scotland, amisiri a shifiti ya masana anachotsa valavu yotetezera pa pampu ina kuti aikonze. Ntchito sinathe, ndipo anatsekapo ndi chitsulo chongogwirizira. Chikalata chonena zimenezi sichinafike m'manja mwa a shifiti ya usiku. Pampu inzake itaima, iwo anayatsa yosakonzeka ija. Gasi anatuluka, naphulika. Mapampu ozimitsira moto anali atawatchera kuti asadzilize okha, poteteza amisiri osambira pansi pa nyanja. Nsanja zoyandikana nazo zinapitiriza kupopera mafuta ndi gasi m'mapaipi opita kumotoko, oyang'anira ake akudikira chilolezo choti atseke. Anafa anthu 167. Anapulumuka 61, ena atachita kudumphira m'nyanja kuchokera pamwamba. Kafukufuku wa Lord Cullen anatulutsa mfundo 106 zoti zisinthe.

Pa deti lomweli mu 1944, ku Hartford m'dziko la America, chihema cha masewero a nyama chinapsa chitadzaza amayi ndi ana. Pofuna kuti chisadonthe, anali atachipaka phula losungunulira mu petulo, ndipo makomo ena anali otchingidwa ndi tinjira ta zitsulo todutsamo zilombo. Anafa anthu oposa 160. Mu 2013, ku Lac-Mégantic m'dziko la Canada, sitima ya matanki 72 a mafuta inasiyidwa usiku pamtunda popanda munthu, itamangidwa mabuleki amanja osakwanira. Inatsetsereka yokha mpaka pakati pa tauni, niphulika, nipha anthu 47.

Ndinkalemba zonsezi ngati nkhani za kutali, kufikira Lachinayi pa 6 Julaye 2017. Tsikulo, pokondwerera zaka 53 za ufulu, kunakonzedwa mpira waulere wa Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers pa Bingu National Stadium ku Lilongwe. Anthu anafika m'mamawa, ana ali ambiri, koma zipata zinachedwa kutsegulidwa. Khamu litayamba kukankhana, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi. Anthu 8 anafa mopondedwa, 7 mwa iwo ana, ndipo ena ambiri anavulala. Mpira unaseweredwabe masanawo.

Chimenechi sindinachivomereze ndipo sindidzachivomereza. Ana amenewo anadzuka kukadali mdima, kukuzizira, ena osamwa ndi phala lomwe, chifukwa dziko lawo linawaitana ku phwando. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati tili ndi mphindi yotchula atsogoleri amene anatipezera ufulu, tili nayonso mphindi yoti bwalo lonse liime chilili, likhale chete, chaka ndi chaka, mluzu woyamba usanalire. Ndipo amene wapatsidwa makiyi a chipata, kaya chikalata chopatsira mnzake wa usiku, adziwe kuti ntchito yakeyo si yaing'ono. Usiku umenewo ndinalemba nambala 8 m'kope, ndipo cholembera chinaboola pepala.

9. Ambiri a eni tsikuli sali m'buku lililonse.

Zaka zoyamba ndinkangoyang'ana kutsogolo kwa kope, kumasamba anga. Chaka china ndinabwerera kumbuyo, kumasamba a bambo, ndi kuyamba kufufuza 6 Julaye m'zolemba zawo. Ndinamupeza. Pa tsiku latchuthi iwo ankatsegulabe makina, chifukwa osoketsa mochedwa sasowa. Pali mzere wa diresi la ukwati, chifuwa 34, chiuno 28, ndi mawu akuti "alipira theka". Pali kabudula wa mwana wa sukulu, pambali pake atalemba kuti "wamasiye, osalipiritsa". Pali chaka china pamene pa detili analemba mawu awiri okha, "nsalu yamaliro", popanda muyeso kapena mtengo.

Kuyambira pamenepo ndinagawa tsamba lililonse pakati. Kumanzere ndimalemba a McNamara, a Hus, a Pasteur. Kumanja ndimalemba amene ndawamva ndi makutu anga: mwana wa aneba amene anabadwira m'galimoto popita kuchipatala pa 6 Julaye wina, mlonda wa kusukulu kwathu amene anaikidwa m'manda tsikuli, banja la kumpingo limene linamanga ukwati pa detili ndipo likadali limodzi. Mbali ya kumanja ikudzaza msanga kuposa ya kumanzere.

Chaka chino tinapita kumudzi kukalambula pamanda. Azakhali anakhala pa mphasa pansi pa mtengo wa mango, atafunda zitenje ziwiri, ndipo ana anawagulira fanta ndi mabanzi popeza linali tsiku lawo lobadwa. Tikupuma, mwana wanga wamkazi anatenga kope m'chikwama, nawerenga masamba a agogo ake limodzilimodzi, chala chili pa manambala. Kenaka anati, "Ababa, masamba atsala anayi okha. Akatha mudzatani?" Ndisanayankhe, azakhali anati m'nyumba mwawo, pansi pa makina a alongo awo, muli kope lina limene sanaliyambe n'komwe, ndipo anatuma mwanayo kuti akalitenge.